A Nachisale, Amene Adapinda Msewu wa Boma

"Nhai amake Lusiya, amene adalima msewu uwu anali ataledzera kodi?"

Adandifunsa choncho ndi Mai Chipo, mnansi wanga watsopano, tikuchokera kotola nkhuni. Iwo ndi Mshona wa kuno konkuno, adabwera pa pulazi pano dzinja lathali ndi amuna awo oyendetsa thirakitala. Tinali titafika paja msewu wa boma umabwera kuchokera ku Mvurwi uli wowongoka ngati chingwe chobzalira fodya, kenaka mwadzidzidzi n'kupatuka, kuzungulira kankhalango ka kuseri kwa komboni yathu, n'kukabwereranso mumzere wake kulunjika ku Concession. Umachita ngati mkamwini amene waona apongozi ake akubwera kutsogolo.

"Gomo palibe, mtsinje palibe," adatero Mai Chipo. "Baba vaChipo akuti tsiku lina adzagubuduza ngolo ya fodya pakona pamenepa."

Ndidatula mtolo pansi, kuseka mpaka mwana adadzuka kumsana. Ndidati, "Amene adapinda msewu umenewu mowa ankadziwa kufulula, koma tsiku limenelo anali asanalawe ndi dontho lomwe. Nkhuni tasenzazi n'zawo."

Chaka chakwana chimwalirire a Nachisale, ndipo tikuwafululira mowa wa chikumbutso. Mai Chipo sadawaone. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikukumbuka, chifukwa pa pulazi anthu sakhalitsa. Tikiti ya ntchito ikatha munthu amapinda mphasa n'kumapita, ndipo posachedwa padzatsala kona yokha, yopanda wodziwa mwini wake.

A Nachisale anali mzamba wa komboni yathu. Ana ambiri amene akuthamanga m'fumbi muno adagwera m'manja mwawo, Lusiya wanga ndi mng'ono wake yemwe. Mukamva kuti mzamba, mwina muganiza za nkhalamba yofatsa, yoyankhulira pansi. Ayi, si iwo amenewo! Mawu awo ndiwo ankayamba kufika, eni ake n'kumabwera pambuyo. Anali aafupi, a mphini m'masaya, ndipo ankavala jasi la usilikali la malemu amuna awo, lofika m'akakolo, ngakhale mwezi wotentha uja nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. M'thumba limodzi la jasilo munkakhala lumo ndi ulusi, m'thumba linalo kabotolo ka fodya wa mphuno. Fodya wa mzungu wathu, amene tonse timathyoka naye msana, ankamunyoza kuti ndi udzu wopaka mtundu. Iwo ankalima wawo wa labu kudimba, kumupera okha pamwala wa pakhomo pawo, ndipo akanunkhiza kamodzi ankayetsemula mpaka agalu a kunyumba kwa bwana kuyamba kuuwa.

Adachoka ku Dedza ali mtsikana, wapansi, kudutsa dziko la Apwitikizi, kutsatira mwamuna amene adati akukagwira ntchito ku Halale chaka chimodzi chokha. Adampeza, adakhala naye, nkhondo n'kudzamtenga. Chidabwerako ndi jasi lokha. Ukawafunsa chifukwa chimene sadabwerere kwawo, ankati kwawo kwa munthu ndi kumene kwagona anthu ake. Ife tinkayesa akunena amuna awo.

Chimene aliyense ankawadziwa nacho ndi ichi: sankayankha munthu wofunsa ali chiimire. Kupatula ukati mayi wina wayamba kudwala pakati, pamenepo ndiye ankathamanga jasi lili pepepe. Koma nkhani ina iliyonse, ukafika n'kuyamba kufunsa uli chilili, ankangokuyang'ana m'mawondo mpaka ukhale pansi. Ankati wofunsa ali chiimire safuna yankho lako, wabwera ndi lake m'thumba. Ankatinso nkhani ili ngati mowa: wabwino umagona masiku, koma wopsa tsiku lomwelo ndi chikokiyana, chokoma pomwa n'kudzaswa mutu m'mawa. Banja likayambana, sankaitana onse awiri pamodzi. Mkazi ankamutsatira kumtondo n'kumuthandiza kusinja, mwamuna ankamupeza kumabalani n'kumupempha moto. Pofika powakumanitsa, mlandu unali utapsa kale.

Kukangana ankakukonda ngati mchere m'ndiwo. A Filimoni, folomani wathu yemwenso ndi mkulu wa mpingo, ankalimbana nawo za mowa ndi za chinamwali chaka ndi chaka. A Filimoni akati, "Mayi Nachisale, mudzapsa," iwo ankayankha kuti, "Ndikadzapsa ndidzakusungirani malo pafupi ndi khomo, a folomani, poti mumakonda kuyang'anira anthu." Koma mkazi wa a Filimoni atavutika pobereka, ndi a Nachisale amene sadachoke pambali pake mpaka mwana adalira. Ndi a Gama, mkulu wa gule amene amasonkha moto m'mabalani, zinali zachisuweni. Ankanyozana kuyambira kuchitsime mpaka kusitolo.

"Gama, ndevu ngati chisa cha mpheta!"

"Nachisale, jasi lomwelo ndilo tidzakuikiramo, nsalu tisavutike nayo!"

Anthu n'kumagwa ndi phwete. Ndipo zidachitikadi, tidawaika m'jasi lomwelo. Chifuwa chidawagwira nyengo yozizira ya chaka chatha, ndipo sichidachedwe nawo. Pamaliro pawo a Filimoni adapemphera, atangoti ameni ng'oma za a Gama zidayamba, ndipo palibe adatsutsa mnzake. Koma ndathamangira kumapeto. Ndibwerere ku msewu.

Chinali chaka chimene malole a fodya adachuluka, Lusiya akadali kumsana. Tidayamba kuona zikhomo zopakidwa laimu zikutuluka m'tchire mumzere umodzi. Kenaka Lamulungu lina, titatuluka m'tchalitchi, a Filimoni adamenya simbi, chitsulo chija chimatiitanira kuntchito, n'kulengeza kuti kukubwera mzungu wa boma kudzamva maganizo athu pa za msewu. Maganizo athu! Ha! Komboni yonse idatekeseka. Ife Manyasalande, anthu opanda munda, opanda mfumu, amene boma limatidziwira pa chitupa pokha? Chitaganya chenichenicho tidangochimvera pa wayilesi ya kusitolo chitamangidwa kale. Lero boma likufuna kumva ife? Amayi tidachapa mipango, a Gama adabwereka tayi, ana tidawadzoza mafuta mpaka kuwala ngati mabotolo.

Tidasonkhana pabwalo la mabalani. Mzunguyo anali mnyamata wa kabudula, mawondo ali psuu ndi dzuwa, ndipo dzina adalipeza asanatsegule pakamwa: Mawondo. Pambali pake padakhala mzungu wa pulazi yathu, amene timamutcha Chipewa, galu wake ali pamapazi. Ife tonse adatiunjika malo amodzi, amuna, akazi, ana, a mpingo, a gule, apongozi ndi akamwini maso ndi maso.

Ndisanamizire munthu, Mawondo adayankhula bwino. Kudzera mwa womasulira wa Chishona, adati msewu udzatithandiza, basi idzafika pafupi, odwala sadzanyamulidwanso pa machira. Adati manda athu a m'kati mwa nkhalango wawaona, mitumbira ndi mitanda yomwe, ndipo sadzawakhudza. Msewu udzangodya m'mphepete, mbali ya kum'mawa. Ndiye adafunsa, ali chiimire, "M'mphepete m'menemo muli kanthu kanu kodi?"

Zii.

M'mphepete mwa kum'mawa m'menemo, pansi pa misuku, ndimo timaika nthayo, ana amene amabwerera asanatuluke m'chikuta. Amenewa amaikidwa ndi amayi aakulu okhaokha. Mwamuna sapitako ndipo sauzidwa malo, ngakhale bambo wake wa mwanayo. Mayi wake yemwe amatsala m'nyumba. Salira maliro, saumba mtumbira, ndipo dzenje silipitirira chigongono, chifukwa likaya kwambiri mimba ya mayi imatsekeka. Wanga woyamba, mkulu wake wa Lusiya, ali m'menemo. Piki sakadachita kugwa kawiri kuti awapeze. Koma nkhani imeneyi mkazi angaiyambe bwanji pamaso pa amuna, apongozi ake ali pompo, ana ali tcheru?

Amuna nawo anali ndi chawo. Kupitirira pang'ono pamenepo kuli malo awo a gule. Ine ndine mkazi, za kumeneko sindizidziwa, ndipo musandifunse. Koma ndidaona a Gama, tayi ili pakhosi, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Akadatchula bwanji dambwe pamaso pa akazi, ana ndi a Filimoni? Choncho amayi tinkayang'ana abambo kuti ayankhule, abambo n'kumayang'ana ife. Mawondo adafunsanso, adadikira ndithu, thukuta likutsika. Pamapeto a Filimoni adaimirira n'kunena kuti tathokoza boma. Tidaomba m'manja. Galimoto idapita.

Nanga a Nachisale anali kuti? M'chikuta! Mtsikana wina adayamba kudwala m'mawa womwewo, ndipo mzamba sasiya munthu pamphasa chifukwa cha boma. Adatuluka dzuwa litapendeka, akupukuta manja m'jasi, natipeza pachitsime.

"Wamwamuna, wamakani ngati agogo ake. Nanga boma lija lati chiyani?"

Tidawauza.

"Inu mwayankha chiyani?"

"Sitinayankhe, amayi."

"Simunayankhe? Mwayankha! Mwavomera ndi pakamwa potseka! Iwe Nambewe," kuloza ine, "wako uja ndidamuika ndi manja awa. Ukufuna malole a Chipewa azimuponda popita ku Halale?"

Ndidangogwira ndowa yanga. Ndiye adatembenukira kwa a Gama amene ankadutsa, tayi ikadali pakhosi.

"Gama! Chingwe chimenecho ndicho chinakumanga kuti usayankhule?"

"Msuweni, pamaso pa akazi ndikanati chiyani?"

"Nanga awa pamaso pa ndevu zakozo akanati chiyani?" Adaima pang'ono, nanunkhiza fodya. "Eetu. Wopusa palibe apa. Kafunsidwe ndiko kalakwika."

A Nachisale adapita kwa a Filimoni kuti akaitanenso boma. A Filimoni adati boma si mbuzi yoti ungaikoke ndi chingwe. Msonkhano udachitika, tidafunsidwa, tidaomba m'manja. Adapita kukhomo la khitchini kwa Chipewa, wophika adawabweza. Uku anthu olima msewu ankayandikira tsiku ndi tsiku, ndi mapiki, mafosholo ndi mawilibala, fumbi lili koboo. 

M'mawa wina tikupita kukathirira nazale tidamva nyimbo yawo. A Nachisale adaima, khutu lili tcheru.

"Tamverani! Akuimba chiyankhulo chanji?"

"Chathu, amayi."

"Chathu! Ndi ana a kwathu amenewa! A ku Dowa, a ku Ntcheu, adaleredwa ndi amawo amenewa!" Adaseka, kudziwomba m'ntchafu. "Nambewe, kabwereke chikwanje. Uuze anzako, mawa simbi isanalire."

M'mawa mwake tidadula nthambi za masamba aawisi n'kuziyala chopingasa pamene zikhomo zimalowera m'mphepete mwa nkhalango, zina kumene zimatulukira. Aliyense woleredwa kwathu amadziwa kuti masamba panjira ndiye kuti pali maliro. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, woimba amaleka. A Nachisale adayala mphasa pambali, nakhala atatambalala, jasi lili m'thupi, nkhope ili pansi. Ife tidabisala kuseri kwa chulu, ntchito titaiiwala.

Anyamata a msewu adabwera akuimba, mapiki ali pamapewa. Wakutsogolo adaona masamba. Nyimbo idaduka pakati ngati ulusi. Zipewa zidayamba kutsika chimodzichimodzi, mapiki pansi. Kapitao wawo, bambo wamtali wa ku Dowa, adanjuta chapatali naomba m'manja mofatsa.

"Pepani, amayi. Sitinamve. Watisiya ndani?"

"Si nkhani ya amuna, mwana wanga."

Bamboyo adayang'ana pansi pa misuku, popanda mtumbira ndi umodzi womwe, nayang'ananso a Nachisale. Anali munthu wapabanja, adamva. Adatembenuka nati, "Anyamata, apa piki sagwa."

Eee, kuseri kwa chulu kuja tidatsinana mpaka kupwetekana! Mzungu woyang'anira msewu adafika, kukalipa m'Chilapalapa, kukankha masamba ndi nsapato. Anyamata adangoima, zipewa zili m'manja. Akaloza uyu, uyu akuyang'ana kumwamba. Akaloza uyo, uyo akuti m'mimba mwamupotokola. Woyamba kukumba adasowa. Mawa lake masamba atsopano anali pomwepo, ndipo mulu udakula, chifukwa tidapeza nthambi zina zazikulu, zodulidwa ndi nkhwangwa, zimene sitidaike ndife. A Gama ankadutsa akuimba mluzu, maso ali kumwamba. Tsiku lina ndidakumana ndi mkazi wa a Filimoni yemwe, atabisa kanthambi m'nsalu. Tidangopatsana moni.

Sikuti zinali zoseketsa zokha. Chipewa adatuma mawu kuti nkhalamba imeneyo ilibe tikiti, ikukhala pa pulazi mwa chifundo chake, ndipo akafuna aikweza lole kukaitula kumalire. Kwa munthu amene adachoka ku Dedza ali mtsikana, kumeneko n'kumutaya kuthengo. Tidawapempha kuti apume, pamphasapo tizikhala ife mosinthana. Adakana. Adati ife tili ndi amuna a matikiti ndi ana oyamwa, iwo ali ndi jasi lokha.

Ntchito itaima ndithu, Mawondo adabwera, nkhope itafiira kuposa mawondo. Komboni yonse idathawa ntchito kumunda kudzaonera. Adaima pamaso pa a Nachisale n'kuyamba kufunsa, womasulira akuthamangira pambuyo pake. A Nachisale adangomuyang'ana m'mawondo.

"Mbuya, pindurai! Yankhani, bwana akufunsa!" adatero womasulira.

Iwo adatulutsa kabotolo, kugogoda pachikhatho, kununkhiza, kuyetsemula. Kapitao wa ku Dowa uja, amene anali atawazolowera tsopano, adanong'oneza womasulira, womasulira adanong'oneza mzungu. Mawondo adayang'ana uku ndi uku, mpando palibe. Tidangoona wavundikira wilibala n'kukhalapo. Boma pa wilibala! Nthungululu idandifika pakhosi, ndidaimeza.

"Ndidakufunsani," adatero. "Ndidadikira. Palibe adayankha."

"Mudafunsa ndithu, bwana, sindikukana. Koma tafunsani mwini pulaziyu ngati amatumiza fodya ku Halale wosasankha. Wa m'munsi amaika payekha, wa kunsonga payekha. Inu mudatiunjika mulu umodzi, iye ndi galu wake ali pompo, n'kumati tiyankhe tsiku lomwelo. Akazi ali ndi zawo zimene amauza mkazi mnzawo. Amuna awa ali ndi zawo zimene amauza wometa mnzawo wa kudambwe. Tifunseni chosankha, mwini pulazi akhale kunyumba kwake, ndipo nkhani igone. Komanso tsiku lina muzidzayamba ndi kufunsa, zikhomo pambuyo."

Mawondo adakanda m'mutu nati ku ofesi kwawo kulibe mkazi.

"Boma lonse lopanda mkazi? Nanga lidabadwa bwanji?"

Womasulira adayamba waseka yekha asanamasulire. Atamasulira, Mawondo naye adaseka mpaka wilibala kugwedezeka.

Adabweradi ndi mkazi: nesi wa kuchipatala cha ku Concession, Mshona wa diresi loyera. Kwa amuna adabweretsa mesenjala wina wa kwathu, amene ankati ndi wometa. Amuna adapita naye kwawo kumene amapita. Ife tidalowa m'shedi yosankhira fodya n'kutchinga khomo ndi ziguduli. Nesi adavula nsapato nakhala pansi pakati pathu.

Poyamba panalinso zii. Chinthu chimene wakhala osachitchula sichituluka chifukwa chakuti khomo latchingidwa. Ndiye a Nachisale adayankhula, motsitsa, mawu amene sitidawazolowere.

"Woyamba kugona m'menemo ndi wanga. Nthawi imeneyo komboni ino ili nyumba zowerengeka. Ndidamuika ndekha, poti panalibe mkazi wina wa kwathu. Wina sindidamuonenso."

Tonsefe tidakhala nawo zaka, koma palibe ankadziwa. Pamenepo ndiye aliyense adamasuka. Uyu akuti wanga alimo, uyo akuti anga ndi awiri. Ndipo aliyense a Nachisale ankamuuza malo: wako ali pafupi ndi kachulu, wako ali pa msuku wopendama, mutu udaloza kwathu. Ana amene sitidawalire tidawalira tsiku limenelo, m'fungo la fodya. Nesi naye misozi ili mbwee. Adati kwawonso otere amaikidwa ndi amayi okha, m'mbali mwa mtsinje. Adalonjeza kuti kwa Mawondo akangonena kuti pali manda, osatchula dzina la munthu. Titatuluka tidakumana ndi amuna akubwerera, a Gama akuyenda ngati tambala wopambana ndewu.

Nkhani idagona. Mawondo atabweranso, adalunjika pa wilibala osauzidwa. Adati wamva, m'mphepete muja sadzakhudzamo, koma msewu uyenera kudutsa. Udutse pati? Ena adayamba kung'ung'udza kuti zimenezo n'za boma. A Nachisale adadzuka. Iwo ankati wokana njira ayenera kuloza ina, apo ayi ndi mwana wongolira. Adatenga khasu n'kuyamba kuyenda akulikoka pansi, likusiya mzere m'dothi. Komboni yonse pambuyo pawo! Ana, agalu, anyamata a msewu atanyamula zikhomo, Mawondo yemwe akudumpha minga. Wina adayambitsa nyimbo, ndipo nthungululu ija ndidaimeza idatuluka yonse. Mzere udalambalala misuku, udalambalala kwa amuna kuja, udadya kangodya ka busa la ng'ombe za Chipewa, kenaka udalunjika kudambo. Nyimbo idayamba kuzilala. Kutsogolo kunali dimba la a Nachisale eni ake, la nthochi, maungu, mpiru ndi labu uja.

"Amayi, dimba lanu!" ndidakuwa.

Sadacheuke n'komwe. "Maungu amasamuka, Nambewe. Ponda mumzere."

Khasu lidapita pakati penipeni pa labu.

Imeneyo ndiyo kona ikuvutitsa amuna a Mai Chipo. Chipewa sadawakweze lole, akuti Mawondo adamuyankhula. Koma chifukwa cha busa lake adawadula phoso, ufa ndi nyemba zimene ankalandira monga mzamba. Tinkawapatulira pa lathu, iwo n'kumatinyoza kuti nyemba zathu n'zofumbwa. Dimba lina adaliyamba kumtunda, koma labu sadakolenso ngati kale, ndipo ankadandaula kuti akuyetsemula ngati mwana wa mphaka.

Ndikadakonda kulemba kuti boma lidaphunzira. Mawondo adasamutsidwa. Patapita nthawi kudabwera azungu ena, akuti akufunsa anthu za chitaganya chenichenicho, ngati chipitirire. A Nachisale adachapa jasi, kuyala mphasa pakhomo, kudikira. Galimoto idaima pakhonde la Chipewa. Adaitana a Filimoni okha, adamwa tiyi, n'kubwerera kudutsa pakona pomwe paja. A Nachisale adapinda mphasa nati boma lili ngati mwana, kukhala pansi saphunzira tsiku limodzi, ndipo ameneyu akufunika mzamba wa moyo wautali.

Tsiku la maliro awo tidayalanso masamba pomwe paja, nthawi ino pamsewu weniweni. Basi idadutsa pang'onopang'ono, ndipo woyendetsa lole ya fodya adavula kapu.

Dzulo ndidawatenga Mai Chipo kukawaonetsa pamene panali nyumba ya a Nachisale. Tidaigwetsa maliro atatha, monga mwa mwambo. Patsala bwalo la dothi lokwera pang'ono, ndi mwala uja ankaperapo fodya. Pakati pake ndi pokumbika, madzi a mvula amaimapo nkhuku n'kumamwa. Mbali ina pamera timitengo ta labu tokha, wotchola palibe. Amayi a pakati tsopano amakadikira basi pakona paja kupita ku Concession, ikabwera.

Kuchoka apo tidatsikira kumisuku. Moto wolusa udadutsamo chilimwe chathachi, ndipo mitengo yaphukira yofanana yonse. M'shedi muja a Nachisale adandiuza kuti wanga ali pa msuku wa nthambi ziwiri. Ndidayenda uku ndi uku, mwana ali kumsana, Mai Chipo akundithandiza kuyang'ana. Misuku ya nthambi ziwiri ndi yambiri.

Pobwerera tidaona zikhomo zatsopano zopakidwa laimu, zalunjika kuchitsime chathu. Simbi sinalire, ndipo palibe wabwera kudzafunsa.

Msewu udapindika, ana athu ali pomwe adagona. Chidapita ndi dimba limodzi, jasi limodzi, ndi munthu mmodzi yekhayo amene ankadziwa kuti mwana wa uje wagona pati.